Kathumba Pamimba

Adokotala atandidula matumbo chifukwa cha khansa, ndinabwerera ku Naperi ndili ndi kathumba pamimba. Chimbudzi chinkatulukira mmenemo. Amuna anga anali atapita kwawo ku Nsanje, ati akaone munda. Sanabwerenso.

Ntchito yosoka kufakitale ya ku Ginnery Corner ndinaiyambanso, koma basi ndinasiya kukwera. Ndinkayenda pansi, kuopa kuti wina angamve fungo. Masana ndinkadyera ndekha kuseri kwa khoma la fakitale. Anzanga akandifunsa, ndinkangoti ndili bwino.

Masiku amenewo amayi tonse tinkayenera kupita kokonzekera magule a chipani. Nditajomba katatu, amayi apampando a m'dera lathu anafika pakhomo nkhope ili gwa.

"Mayi, mukutiderera kapena? Anthu ayamba kulankhula."

Ndinawalowetsa m'nyumba, n'kutseka chitseko, n'kumasula chitenje. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Pamapweteka?"

"Ayi, panapola."

"Basi, musamabwere. Ofunsa ndiziwauza kuti mumadwala msana."

Ndinawathokoza. Koma Loweruka, malole atanyamula amayi onse, mdadada wathu unangoti zii. Ndinakhala pakhonde, nyimbo zikuzilala cha kumsewu. Magulewo sindinkawakonda, tinkapsa ndi dzuwa tsiku lathunthu. Nanga chinkandiwawa n'chiyani? Sindinanyamuke mpaka ndinachipeza. Sanali manyazi monga ndinkaganizira. Ndinali wokwiya. Ndinakwiyira amuna anga, thupi langa, ngakhale anzanga amene ankakhulupirira msanga ndikanena kuti ndili bwino. Ndiponso ndinkasowa anthu. Tsiku limenelo ndinalira koyamba chitulukire m'chipatala.

Lolemba, mayi wosoka pamakina oyandikana ndi anga anandifunsa mmene ndadzukira.

"Thupi ladzuka," ndinatero, "koma mtima ukundilemera."

Masana anabwera kuseri kuja ndi mbatata yake yootcha, n'kundinyemerako. Tinadyera limodzi. Sankabwera tsiku lililonse, ndipo za kathumba ndinadzamuuza patapita miyezi. Anangofunsa ngati ndimatha kugona chafufumimba.

Chaka chotsatira anapeza ntchito kwa amwenye ku Limbe. Ndinatsalanso ndekha. Masiku olemera ankabwerabe, makamaka ndikayandikira tsiku lokapimidwa. Ndinkadziuza ndili pamakina kuti lero ndi mantha, kapena lero ndi mkwiyo, kenako n'kuponda makinawo mpaka kuweruka.