Mayi wokonza mijigo ya mu kampu

Ndagwira ntchito yomasulira pa ofesi ya chitetezo mu kampu yathu ya anthu othawa kwawo kwa zaka zisanu ndi zinayi. Nanenso ndine wothawa, kungoti pakamwa panga pamatuluka zilankhulo zinayi. Ambiri amene anakhalapo pa benchi ya mu ofesi ija ndinawaiwala nkhope, koma aSipanala ayi.

Dzinalo anawapatsa ndi ana, chifukwa m'thumba lakumbuyo la ovololo yawo simunkasowa sipanala. Anali mayi wamfupi, wamapewa otambalala, wometa mpala, woyenda ngati wachedwa kwinakwake. Kwawo bambo awo ankakonza zigayo ndi mijigo, ndipo poti analibe mwana wamwamuna, ankatenga mtsikanayo kuti aziwagwirira mapaipi. Pofika zaka khumi ndi zisanu anali atadziwa kumva matenda a mjigo ndi khutu. Ankangopopa kawiri katatu n'kunena kuti, "Rabala yatha," kapena, "Ndodo yaduka pansi." Mukazula mapaipi, mumapeza zilidi choncho.

Anafika mu kampu ndi mayi wina wamtali, wofatsa, mphunzitsi, amene tonse tinkangoti aMadamu. Tsiku lolembetsa ndinawamasulira ndine. Atafunsidwa chibale chawo anayang'anana kaye, kenako aSipanala anati, "Ndi msuweni wanga." Kalaliki analemba momwemo.

Njerwa anaumba okha. Anamanga chipinda chimodzi ndi kakhonde, denga la zitini za mafuta zophwanya. AMadamu anayamba kuphunzitsa ana aang'ono pansi pa shedi ya tchalitchi. ASipanala anangoona mjigo wakufa pafupi ndi msika, anabwereka zida, pofika masana madzi akutuluka. Mu kampu muli mijigo khumi ndi umodzi, ndipo kale umodzi ukafa tinkadikira amisiri a ku tawuni milungu itatu. Bungwe loona za madzi litamva, linawapatsa wilibala ndi bokosi la zida.

Anthu ankawakonda. Wogulitsa makala wina anafika powafunsira, iwo ali chiweramire kupaka girisi. Osadzutsa n'komwe mutu anati, "Bambo, ine ndili ndi amuna khumi ndi mmodzi, onse odwaladwala. Inu ndikuikani pati?" Pa mzere wa madzi anaseka mlungu wathunthu.

Zinayenda choncho zaka zinayi.

M'chaka chachisanu lole ya obwera kumene inatsitsa mchimwene wa aMadamu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti awiriwa sanathawe nkhondo yokha, anathawanso iyeyo. Kwawo atadziwa za chikondi chawo, anamutsekera mchemwali wake m'chipinda milungu iwiri n'kumupezera mwamuna woti akamuwongole. ASipanala ndi amene anakamasula zenera.

AMadamu anakumana ndi mchimwene wawoyo pa mzere wolandira chakudya. Mwamunayo sanakuwe. Anangoyandikira n'kunena kuti, "Achemwali, kani muli kuno?" Pofika Lamlungu kampu yonse inali itadziwa kuti asuweni aja si asuweni, ndi akazi awiri okhala ngati banja.

Lolemba pansi pa shedi panabwera ana atatu okha, Lachiwiri panalibe ndi mmodzi yemwe. Wa golosale anasiya kuwagulitsa mchere. Pa mjigo amayi ankakankhira zigubu za awiriwa kumbali, akuti asagwire chopopera, angadetse madzi. Chopoperacho anali atachimanga aSipanala omwewo mwezi wapitawo. Nanenso ndisabise, ndinayamba kudzera njira ina popita kuntchito, kuopa kuti angandipatse moni anthu akuona.

Patatha milungu iwiri anawaitana aSipanala kuti mjigo wa kuseri kwa sukulu wafa. Unali m'mawa, dzuwa litatentha kale. Anazula mapaipi ndi ndodo zachitsulo n'kuziyala pansi mwa dongosolo, monga ankachitira nthawi zonse. Apo ndi pamene anatulukira amuna asanu ndi mmodzi, mchimwene uja ali patsogolo. Sanabwere ndi chida. Anatola ndodo zomwezo.

Pamalopo panali anthu oposa makumi atatu odikira madzi. Palibe anasuntha. Ena ankangogwira zigubu zawo kuti zisagwe. Mayi mmodzi wogulitsa tomato ndi amene anathamanga kukauza aMadamu. AMadamu atafika anapeza amuna aja atapita. Anakhuthula zida za mu wilibala, anawakweza aSipanala momwemo n'kuwakankha okha mpaka kuchipatala. Mkono wamanja unathyoka pawiri, mano atatu anachoka, nthiti ziwiri zinasweka. Ali kuchipatalako, anthu ena anazula chitseko cha nyumba yawo n'kuyatsa matiresi pabwalo.

Kupolisi ndinapita nawo chifukwa inali ntchito yanga. Wapolisi anamvetsera akutokosa m'khutu ndi chivindikiro cha cholembera.

"Inuyo munawalakwira chiyani?" anafunsa.

"Ndinkawakonzera mjigo," anatero aSipanala.

"Mayi, musandizunguze. Zimene mumachitazo mukudziwa kuti ndikhoza kuyamba kutsekera inuyo?"

Mchimwene uja anamugwira ndithu, koma anagona masiku awiri n'kutuluka. Akuti panalibe mboni.

Mawa lake tinali mu ofesi yathu. Adona oona za chitetezo anali munthu wabwino, wotopa, wokhala kuseri kwa mulu wa mafayilo. ASipanala anakhala pa benchi mkono uli m'chikhakha, milomo itatupa.

"Mayi amene mumakhala nayeyu ndi ndani wanu?" anafunsa adonawo.

"Mkazi wanga."

Ndinamasulira kuti, "Mnzake." Koma zaka zinayi zocheza ndi a bungwe la madzi zinali zitawaphunzitsa aSipanala pang'ono chilankhulo cha mu ofesi. Ananditembenukira.

"Achimwene, masulirani zimene ndanena. Mano achoka ndi anga, osati anu."

Ndinamasulira bwinobwino.

Adona anafotokoza zimene akanatha. Akhoza kuwasamutsira mbali ina ya kampu. Akhoza kulemba mayina awo pa mndandanda wa oyenera kutumizidwa kudziko lina, koma mndandandawo ndi wautali, umatenga zaka. Pakadali pano, anatero mosamala, ndi bwino asamadzionetsere.

"Auzeni kuti tabisala zaka zinayi," anatero aSipanala. "Sitinaimike mbendera. Mbali ina ya kampu ndi mphindi makumi awiri wapansi, nkhani inafika kale. Ine sindikupempha ndege. Ndikupempha mpanda, chitseko chokhoma, chimbudzi chapafupi, ndi mlonda amene si wa mu kampu muno."

Adona analemba zonse n'kunena kuti akafunsa kwa akuluakulu.

Awiriwo sanabwerere kunyumba kwawo. Anayala makatoni pakhonde la ofesi n'kukhala pomwepo. Tsiku lachitatu panabwera mwamuna wosoka nsapato kumsika, wa chipsera cha madzi otentha pakhosi, chimene tonse tinkayesa kuti ndi ngozi ya paubwana. Anayala katoni yake pambali pawo. Kenako kunabwera amuna awiri a kwaya, kenako munthu wina woluka tsitsi amene anthu ankamuvula zovala pamsewu kuti aone ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Mlungu usanathe pakhondepo panali anthu khumi ndi anayi. Ena ndinali nditawamasulira kangapo madandaulo akuti "akuba anandimenya", osadziwa kuti akubawo sankaba kanthu.

Khonde litadzaza, akuluakulu anayankha msanga. Anawapatsa nyumba yakale yosungiramo matumba a chakudya, kumapeto kwa kampu, n'kuizunguliza waya. Mlonda anabwera, koma wa masana okha. Mkati munalibe zipinda, moti anagawa ndi mabulangete opachika pazingwe. Miyala inkagwa padenga pafupifupi tsiku lililonse, makamaka ana akamaweruka kusukulu. Kumsika ankapita anayi anayi. ASipanala anapempha mapaipi otsala n'kukoka madzi kuchokera pa thanki ya chipatala. Iwo ankaloza ndi dzanja lamanzere, aMadamu ndi wosoka nsapato uja n'kumamanga.

"Aphunzitsi, kumanja n'kumanga, kumanzere n'kumasula. Ana a eni munkawaphunzitsa chiyani?"

"Ulemu," ankayankha aMadamu.

Kunjaku mijigo inayamba kufa. Pofika mwezi wachitatu inayi inali itaima, kuphatikizapo wa kuseri kwa sukulu, umene mapaipi ake anali chigonere pansi. Mizere inatalika, amayi anayamba kumenyana pa madzi. Atsogoleri a mu kampu anakhala pansi n'kutuma ine kuti ndikawapemphe aSipanala. Okha akuti sangakaponde kumeneko.

Ndinawapeza atachotsa chikhakha, akufinya mpira wa nsanza kuti zala zidzuke. Ndinapereka uthenga ndikuyang'ana pansi. Anandisiya ndiime kaye.

"Ana alibe mlandu ndi ine," anatero. "Ndikakonza. Koma atsogoleri anuwo, onse asanu, akaime pomwepo kuyambira bawuti yoyamba mpaka madzi atuluke. Mmodzi akachoka, nanenso ndikusonkhanitsa zida."

Anaimadi, padzuwa, maola anayi pa mjigo uliwonse, mmodzi atavala jekete. Zolemera ankanyamula aMadamu ndi amuna awiri a kwaya aja. Madzi atatuluka pa mjigo woyamba, anthu anangotunga n'kumapita. Mayi wa tomato yekha ndi amene ananena mokweza kuti, "Zikomo, achemwali," mwamuna wake n'kumukoka dzanja.

Wina angaganize kuti apa zinthu zinasintha. Sizinasinthe kwenikweni. Madzi anthu ankamwa, miyala n'kumagwabe. Woluka tsitsi uja anamubaya ndi botolo pamzere wa kuchipatala, masana, anamwino akuona. Waya anaudula kawiri. Mchimwene wa aMadamu anatsegula kabenchi kogulitsa fodya moyang'anana ndi geti, ndipo ankakhala pamenepo tsiku lonse. Adona ankalemba makalata, ine n'kumamasulira madandaulo omwewo Lachitatu lililonse. M'nyumba muja anthu anafika makumi awiri ndi awiri.

Patatha chaka ndi miyezi isanu, bungwe lina linapeza mu tawuni nyumba yobisika yokwana anthu asanu okha. Adona anasankha amene anavulazidwa kwambiri. ASipanala ndi aMadamu analimo. ASipanala anakana masiku awiri, akuti otsalawo awasiyira ndani. Amene anawagonjetsa ndi wosoka nsapato. "Pitani, mayi," anatero. "Mukatsala, malowo sapatsa wina, angotseka fayilo." Anamusiyira bokosi la zida, ndipo galimoto inawatengera kuseri kwa chipatala kuti pa geti asaone.

Pano atha miyezi isanu ndi itatu ali kumeneko, akudikira kuitanidwa kukafunsidwa mafunso. Saloledwa kutuluka kapena kugwira ntchito. Mkono uja suwongoka bwino, ndipo kukazizira umawawa. AMadamu akuphunzitsa anzawo atatu aja kuwerenga chilankhulo cha dziko limene sakudziwa ngati adzapiteko.

ASipanala amandiimbira foni kamodzi pamwezi. Ulendo wathawu anati thanki ya kuchimbudzi aimasula n'kuimanganso katatu, isanawonongeke n'komwe, moti woyang'anira nyumbayo wawabisira pulayala. Tinaseka. Kenako anafunsa za anthu khumi ndi asanu ndi awiri otsala aja, mmodzimmodzi, ndani akudwala, ndani wamenyedwa. Pomaliza anati, "Nanga pamene anadula waya paja, kumbali ya chimbudzi, anatseka?"

Ndinawauza zoona, kuti sanatseke, kalata inapita kwa akuluakulu.

"Musadikire kalata, achimwene. Kaguleni waya wa mamita awiri kumsika, mukawapatse. Inu akugulitsani."

Ndinakagula Loweruka.