Tepi ya Ulusi Wakuda

Tsiku limene ndinavomera kupita ku Zambezi ndinali nditagwira nyale pa ukwati ku Biwi. Osati nyale ya palafini ayi, koma chinyale chamagetsi chotentha ngati mbaula, chimene a Gondwe ankandigwiritsa akamajambula vidiyo m'holo mopanda mawindo. A Gondwe anali Mtumbuka wa ku Rumphi, mkulu wa mpingo, ankakhala ku Area 25. Nthawi imeneyo matipate anali atangobwera, ndipo munthu wokhala ndi kamera ya vidiyo ankapatsidwa mpando wakutsogolo kulikonse. Ankajambula maukwati, makwaya, ndi timafilimu totsatsa malonda, monga sitolo ya mipando kapena nyumba yogona alendo, timene ankationetsa m'nyumba za vidiyo filimu ya karate isanayambe.

Mudabwa kuti ine, Lute Nachisale wa ku Kawale, wosadziwa ngakhale kulemba dzina langa, ndinalowamo bwanji. Izi akundilembera ndi mdzukulu wanga. Ine ndinkaphika pa maukwati. Tsiku lina wogwira nyale analedzera, a Gondwe n'kundiitana kuchokera ku mapoto. Ataona kuti mikono yanga siitopa, basi ntchito inakhala yanga.

Ndiye tsikulo, perekaniperekani ili mkati, anandinong'oneza diso lili pa kamera.

"Anachisale, kuli mzungu wa ku Joni akufuna anthu awiri. Amajambula alendo akamasewera ndi imfa pa mtsinje wa Zambezi, n'kuwagulitsa matepiwo. Ine ndigwira kamera. Inu muziphika, muzisunga matepi, muzigwira ndodo ya mawu. Miyezi isanu ndi umodzi basi."

"Azilipira makwacha?"

"Madola."

Ndinavomera nyale ili m'manja. Bambo a ana anga anali atamwalira, ana atatu akufuna fizi, sopo akukwera mtengo sabata iliyonse, ndipo nyumba ya amayi anga imene tonse tinkakhalamo inkadontha mpaka timagona mabeseni ali kumiyendo.

Panyumbapo tinali ndi mng'ono wanga Esinati, amene ukwati wake unali utatha. Nditamuuza, sanasiye kuchapa.

"Ndiye ana anu atatu, anga awiri, ndi amayi odwala miyendo, zonsezi pamutu panga, achemwali?"

"Ndizitumiza ndalama."

"Ndalama imatembenuza munthu pa mphasa?"

Ndinamusiya akuchapa. Ndinkaona ngati nsanje.

Amayi anga anali asanajambulitsepo chiyambire. Ankati chithunzi n'cha anthu amene akutsanzika. Koma kutatsala masiku awiri kuti tinyamuke, iwo okha anati ndiwaitane a Gondwe ndi chibokosi chawo. Anavala bulauzi yoyera ya amayi a mpingo ndi duku lake, n'kukhala pa mpando wokhawo umene tinali nawo. A Gondwe anaimika kamera pa miyendo yake itatu, n'kuiyatsa.

"Kodi chimamva munthu akanong'ona?" anafunsa amayi.

"Chimamva, amama."

"Ndiye tulukani nonse. Izi ndi za ine ndi Lute. Iwe Lute, usazimvere kuno. Ukazimvere uli kutali, tsiku limene mtima udzakuthine."

Tinakhala pakhonde, ine, a Gondwe ndi Esinati. Tiyi wa a Gondwe anazizira, ndinawathirira wina, nayenso anazizira, amayi akulankhulabe ndi chibokosi chitseko chili chotseka. Esinati ankangosongola kamtengo ndi chikhadabo. Pomaliza tinamva akuitana. A Gondwe anatulutsa katepi kakang'ono ngati sopo wosambira, n'kundipatsa. Amayi anati, "Ngati ndili m'kati mwa kanthu kameneko, undinyamule bwino."

Pa ntchito ya matepi ndinali ndi njira yanga, poti zolembedwa sindiziwerenga. Tepi yopanda kanthu ndinkaimanga ulusi woyera, yojambulidwa kale ulusi wofiira. Zaka zonse sindinasokonezepo. Ya amayi ndinaimanga ulusi wakuda, mfundo zitatu, n'kuisokera m'kathumba ka m'chiuno.

Kumeneko tinkakhala mbali ya Zambia, pafupi ndi mathithi aakulu aja. Mzunguyo tinkamutcha Chandevu. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa galaja, momwe munkanunkha mafuta a injini ndi mphira. Ntchito yake ndinaiona ndi maso angawa, koma mpaka lero sindinaimvetse. Anthu ochokera kutsidya la nyanja, odya bwino, ankalipira kuti awamange chingwe m'miyendo n'kudziponya pa mlatho. Ena ankakwera mabwato a mphira n'kulowa m'madzi oyera ndi ukali, bwato n'kugubuduka, anthu n'kumwazika ngati nthochi zagwa pa lichero. Kwathu munthu akapulumuka m'madzi amapita kukayamika kutchalitchi. Awa ankatuluka akutsokomola, n'kufunsa ngati a Gondwe awajambula bwino.

Ife tinkatsika chiphompho m'mawa, n'kukaima pa mwala pomwe mabwato amagubudukira. A Gondwe ndi kamera, ine ndi ndodo yaitali yokhala ndi chinthu chaubweya ngati mphaka kumapeto, chokolera kukuwa kwawo. Masana Chandevu ankasamutsira zithunzizo pa matepi akuluakulu, alendo n'kugula asanadye chamadzulo. Masiku ena tinkajambula zotsatsa nyumba za alendo. Pamenepo ankandiveka chitenje, kundisenzetsa mtsuko, kuti ndiyende pang'onopang'ono dzuwa lili kumbuyo. Ine wa ku Kawale, wotunga madzi pa mpopi ndi ndowa ya pulasitiki, ndinasanduka mayi wa m'mudzi wa ku Zambezi. A Gondwe ankaseka mpaka kamera kugwedera.

Miyezi isanu ndi umodzi ija inasanduka zaka ziwiri. Palibe amene anandimanga. Ndalama inali itayamba kukoma. Ndinkaisokera mu mpendero wa chitenje n'kupatsira a Phiri, dalaivala wa thiraki amene ankadutsa pa Mchinji. Pobwera ankanditengera kalata ya Esinati, a Gondwe n'kundiwerengera. Makalata ake anali aafupi ngati moni wa munthu wokwiya. Malata tagula. Ana akhoza. Amayi miyendo yatupa. Mubwera liti? Ine ndinkayankha kuti nyengo ya alendo ikatha. Koma nyengo ya alendo ili ngati udzudzu, ikatha ina yayamba.

Lamulungu ndilo linkandivuta. A Gondwe ankapeza anzawo a Chingerezi kutchalitchi. Ine ndinkabwerera m'kachipinda kaja, kumasula kathumba, kuyang'ana tepi ya ulusi wakuda, kuinunkhiza, n'kuibwezera. Kuimvera kunali kosavuta, kungowapempha a Gondwe kamera ndi zomvera zawo zam'makutu. Ndinkadziuza kuti mtima sunathine mokwanira. Koma ndinene zoona poti ndakalamba: ndinkaopa. Ndinkaganiza kuti amayi anenamo kuti ndibwerere, ndipo ndikangowamva sindikanatha kukhala.

Tsiku lina kunabwera gulu lalikulu, mabwato asanu ndi limodzi. Titafika pansi pa chiphompho, pa mwala wathu uja, ndinapeza kuti bokosi la matepi oyera ndalisiya m'galimoto pamwamba. Kukwera n'kubweranso kukanatenga maola awiri, pomwe mabwato anali atanyamuka kale. Chandevu anafiira mpaka m'makutu. Chingerezi chake sindinkachimva chonse, koma mawu oti basi ndi oti Malawi ndinawamva: ankafuna kutikweza basi yobwerera kwathu.

Dzanja langa linapita lokha m'chiuno.

A Gondwe ataona ulusi wakuda anabweza dzanja lawo. "Anachisale, musatero. Iyi ndi ya amama."

"Amayi alipo, a Gondwe. Tikabwerera tidzawajambulanso."

"Mwaimvera?"

"Tengani, bwato lija likubwera."

Si kuti ndinasokoneza ulusi ayi. Ndikanakonda zikanakhala choncho, bwenzi ndikunamizira maso. Mfundo zitatu zija ndinazimasula ndekha ndi mano. Ndinaima pa mwalapo ndodo ili m'mwamba, ndikukolera kukuwa kwa alendo pamwamba pa mawu a amayi anga. Madzulo ake Chandevu anandisisita paphewa n'kundipatsa kandalama kapadera. Ndinagula wailesi. Tepiyo Chandevu atamaliza nayo ndinaipempha, n'kuimanganso ulusi wake, ngati kuti ulusi ungabweze kanthu. A Gondwe anangoti, "Mwina kumapeto kwatsalako pang'ono. Amama analankhula nthawi yaitali." Koma kuti ndiyang'ane, manyazi anandikanika.

Patapita miyezi itatu a Phiri anafika opanda kalata. Anavula chipewa asanatsike bwino m'thiraki.

"Anachisale, pepani. Amayi anatisiya. Anaikidwa Lachinayi lapitali."

Ndinafika ku Kawale ndi zikwama ziwiri, mabulangete, mapoto ndi wailesi ija. Monga mwa mwambo ndinayamba kulira ndili kumsewu, ndipo amayi oyandikana nafe anatuluka kudzandilandira ndi kulira. Analira nane, inde, koma kulira kwa ulemu, kwa anthu amene misozi yawo yeniyeni anaithera kale. Nyumba inali ndi malata atsopano owala, anga aja. Palibe amene anawatchula. Amene ankatchulidwa ndi Esinati. Mwana uyu wavutika. Mwana uyu ankawabereka amayi ake kupita nawo kuchimbudzi. Ndinamuyang'ana: anali atameta, ataonda, mafupa a m'khosi ali poyera. Ine ndinali nditanenepa.

Anandiperekeza kumanda. Pobwerera anati, "Masiku omaliza ankangofunsa kuti, kodi Lute wamvera? Ine ndinkati wamvera, kuti agone. Tepi ija muli nayo? Ana akufuna aone agogo awo. Inenso ndikufuna ndiwaone akulankhula."

Pamenepo ndi pamene ndikananena. Tinali awiri, pa njira, palibe wotimva. Koma ndinati, "Ndili nayo. Tidikire a Gondwe." Ndinkayembekezera kuti mwina kwatsala zambiri, ndiye ndidzangoti kutsogoloko kunaonongeka ndi madzi.

A Gondwe atabwera mwezi wotsatira, tinakwera minibasi tonse kupita ku Area 25, ana atavala za kutchalitchi. Mayi Gondwe anatiyalira mkeka pabalaza n'kutipatsa tiyi. Amuna awo analumikiza kamera ku chowonera, osandiyang'ana m'maso.

Munatuluka madzi. Madzi, ndi azungu ovala zipewa zachikasu akukuwa. Ana anaseka, akuganiza kuti ndi filimu yoyambira. Bwato loyamba linagubuduka, lachiwiri, lachitatu. Kuseka kunayamba kuchepa. Esinati sanayang'anenso chowonera, ankayang'ana ine. Bwato lomaliza litadutsa, zithunzi zinaphethira, kunabwera mchenga, kenaka amayi anga, bulauzi yoyera, duku litapendekera, akuloza chala.

"...ndiye zimenezo usamuuze Esinati. Mtima wake suchedwa kusweka. Wamva, Lute? Basi, ndatha. Kodi chimazima chokha ichi? A Gondwe! Bwerani mudzazimitse chinthu chanuchi."

Anadzuka movutikira, bulauzi yawo n'kudzaza chowonera chonse. Basi.

Mwana wamng'ono wa Esinati anati, "Abwerezenso agogo."

"Zimene musandiuzezo n'ziti, achemwali?" Esinati anafunsa motsitsa.

"Sindikudziwa."

"Zaka ziwiri muli nayo m'chiuno."

"Sindinaimvere, Esinati. Mulungu akundiona."

"Ndiye munafufuta zonse, n'kusiya pokhapo poti ndimve kuti pali chondibisira."

A Gondwe anayesa kufotokoza za bokosi loiwalika ndi chiphompho. Esinati anawamvera mpaka kumapeto, poti ndi mkulu wa mpingo. Kenaka anati, "Zikomo, abambo. Inu ndi achemwali mumadyera mbale imodzi." Anasonkhanitsa ana ake, tiyi osamumaliza.

Zimene amayi ananena ndazifunafuna m'mutu zaka zonsezi. Mwina za nyumba. Mwina za bambo athu, amene anachoka Esinati ali kumsana. Mwina anali atadziwa kale matenda awo, n'kumandipempha kuti ndisachedwe. Limeneli ndilo limandidya, chifukwa ngati ndi choncho, ndinali ndi uthengawo m'chiuno tsiku lililonse ndikusenza mtsuko wopanda madzi.

Ku Zambezi sindinabwererenso. Ndinagwirabe nyale pa maukwati a a Gondwe mpaka mikono inayamba kunjenjemera. Esinati anasamukira ku Chinsapo chaka chomwecho, n'kundisiyira nyumba ndi malata ake. Anati sangakhale m'nyumba imene makoma akudziwa zimene iye sakudziwa. Ku Zambezi ndinapita ndikuganiza kuti kwathu ndi malo amene amadikira, ngati mpando umene wausiya pakhonde. Ndinapeza kuti anthu anali atagawana kale zonse: amene anatsala anatenga maliro ndi ulemu wake, ine ndinatenga nyumba. Ndipo amene anawasambitsa amayi mpaka tsiku lomaliza, cholowa chake chinali kumva dzina lake likutchulidwa motero.

Timakumana pa maliro ndi pa maukwati. Amandipatsa moni wa maondo, amandiikira nyama yabwino m'mbale. Chaka chatha, pa maliro a msuweni wathu ku Area 23, tinapezeka awiri kuseri tikutsuka mapoto. Anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi.

"Achemwali, takalamba tsopano. Mtima wanga unasweka kale, palibe chotsala choti muuteteze. Tangondiuzani."

Ine pakamwa sipandivuta. Ndikanatha kumupekera pomwepo mawu okoma, oti amayi anati iwe ndiwe amene ankakukonda kwambiri, ndipo akanapita kwawo atapepukidwa. Mawuwo anafika mpaka pa lilime. Koma ndinawafufutapo kale amayi anga kamodzi, n'kuikapo phokoso la anthu ena. Sindikanatha kuchitanso kachiwiri.

"Sindikudziwa, Esinati."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutenga mchenga wina, n'kupitiriza kukwecha poto.