Amayi Aang'ono a ku Kasenengwa

Ndivomere lero: mlimi wa ku Kasenengwa amene ali m'filimu yanga ija sanabadwepo.

Zinali zaka za m'ma 90, kamera ndinachita kubwereka kutchalitchi kwathu ku Chipata. Ndinalonjeza abusa kuti filimu ya alimi a nshawa idzaonetsa anthu onse, a m'tauni ndi akumudzi omwe. Koma njinga inaphulika tayala, ndipo kunena zoona, ulendo wakumudziwo ndinachita nawo ulesi.

Ndiye ndinajambula amayi anga kawiri. Koyamba anali aphunzitsi, magalasi ali m'maso. Kachiwiri ndinawavula magalasiwo, n'kuwamangitsa duku, n'kuwapatsa khasu kuseri kwa nyumba.

Tsiku loonetsa, tchalitchi chitadzaza, mayi wina wa chigwirizano anakuwa: "Iii! Si aphunzitsi athu aja awa?"

Ndinangoti zyoli.

Amayi anatembenuka modekha. "Ayi, mayi. Ameneyo ndi mng'ono wanga."

Munthu amene ankatikwapula chifukwa cha bodza ananama m'tchalitchi pofuna kundibisa ine.

Mpaka lero ndikapita kukawaona, amandilonjera akuseka: "Mwanawe, amayi ako aang'ono a ku Kasenengwa akudandaula kuti suwayendera."