Wakuba wa Teni Koloko m'Nyumba ya a Chikepe

Bambo anga anakonza zikepe zaka makumi atatu ndi chimodzi. Nyumba zosanja za m'tauni ankazidziwira kuseri: kachipinda ka makina kudenga, ndi dzenje la girisi pansi. Mumsewu wathu anthu ankangowatchula kuti a Chikepe, iwo n'kumavomera. Atapuma pa ntchito anabwera ndi bokosi la zipangizo, maovololo awiri, ndi mfundo yoti chitseko chanzeru chiyenera kudziwa amene wadutsapo.

Masabata atatu anangokhala pakhonde, manja akuwayabwa. Kenako payipi yothirira maluwa inabedwa, ndipo nkhope yawo inawala ngati alandira mphatso.

"Mwaona? Nyumba ino ilibe maso, ilibe makutu," anatero.

"Ili ndi inu," anayankha amayi. "Payipiyo yadutsa inu muli pakhonde pompo."

Pulani ya chitetezo cha nyumba bambo anaijambula kuseri kwa kalendala yakale, ndipo inawatengera miyezi iwiri. Anayeza zenera lililonse. Anawerenga masitepe ochokera pageti kufika pakhomo. Amayi ankafunsidwa mafunso ngati ali kupolisi: amadzuka nthawi yanji, amayamba kutsegula chitseko chiti, ndipo n'chifukwa chiyani. Ine, poti ndimagwira ntchito ya makompyuta, ndinkaitanidwa Loweruka lililonse kudzaika pulogalamu pa laputopu yakale.

"Iwe umadziwa zodinadina, mwananga. Mawaya undisiyire."

Anagula masensa, timabokosi ta pulasitiki tonga ta machesi. Ena ankamva chitseko chikatseguka, ena ankaona munthu akamayenda n'kuyatsa magetsi. Laputopu inkalandira zonsezo n'kutumiza uthenga pafoni. Koma foni ya bambo inali ya mabatani, ndipo anakaniratu kuisintha, choncho mauthenga ankapita kwa amayi.

Woyamba kugwidwa sanali wakuba. Anali apongozi anga aakazi, amayi a mwamuna wanga, amene anabwera kudzacheza. Chimbudzi cha kwathu chilibe zenera, ndipo bambo anachikonza kuti munthu akangokhala phee masekondi makumi anayi, getsi lizithima. Tinangomva, "Mayo! Magetsi!"

Bambo anaima patali mukhonde la m'nyumba, atayang'ana kukhoma mwaulemu.

"Gwedezani dzanja, asewere! M'mwamba!"

Apongoziwo anatuluka osayang'ana munthu, ndipo mpaka lero akabwera amakana tiyi wachiwiri.

Sensa imodzi inatsala. Bambo sataya chinthu, ndiye anaimata pakabati ya kukhitchini, ati wakuba amayambira pa zakudya. Chimene anaiwala n'chakuti ali ndi matenda a shuga, ndipo adokotala anawaletsa zotsekemera. Amayi amagulitsa nsalu kumsika. Tsiku lililonse teni koloko m'mawa, ali mkati moyezera makasitomala, foni inkalira: Kabati yatsegulidwa. Patapita mphindi imodzi: Kabati yatsekedwa.

Amayi anaisunga nkhaniyo masabata awiri. Lamlungu lina tikudya, anaika foni patebulo.

"Abambo, wakuba wathu ndi wosunga nthawi. Teni koloko ndendende."

Bambo anayang'ana foniyo nthawi yaitali.

"Sensa imeneyo ili ndi vuto. Ndi chinyezi."

"Chinyezicho chimadziwanso kugwira supuni?"

Akanatha kuichotsa, koma kuichotsa kunali kuvomera mlandu. Inakhalabe pomwepo, ndipo chinyezi chinapitiriza kubwera, kungoti amayi anachepetsa shuga wa m'botolo.

Lachinayi lina teni koloko inakwana foni ili zii. Amayi anayamba aseka, poganiza kuti mwina munthu walapa. Itakwana hafu pasiti teni mtima unawakana. Anaimba foni ya bambo katatu, osayankhidwa. Anasiyira mnzawo wa benchi loyandikana nsalu zonse n'kukwera basi.

Anawapeza kuseri kwa nyumba, ali chagada pa udzu, makwerero atagwera pambali. Ankamangirira kamera pansi pa denga n'kuterereka. Mwendo unali utathyoka pamwamba pa kakolo, foni ili pawindo pomwe sakanaifikira, ndipo anali atagona pamenepo kupitirira ola lathunthu. Kukuwa sanakuwe, poopa kuti aneba angamve kuti a Chikepe agwa pa makwerero a masitepe asanu.

"Mwadziwa bwanji?" anafunsa bambo.

"Wakuba sanabwere lero."

Bambo anatseka maso, thukuta lili kamukamu, kenako anamwetulira.

"Ndiye kuti makina anga akugwira ntchito."

Amayi anandiuza pambuyo pake kuti sanadziwe choyamba, kulira kapena kuwamenya ndi chikwama. Anachita zonse ziwiri, kenako anaitana aneba a galimoto.

Bambo anakhala m'chikhakha masabata asanu ndi limodzi. Makwerero amayi anawapereka kwa anebawo, n'kuwauza kuti asadzawabweze ngakhale bambo atagwada. Bambo tsopano amagwira ntchito za pansi zokha. Anthu a mumsewu amabwera kudzafunsa nzeru, wometa ndi wa golosale omwe, ndipo palibe amene amachoka ola lisanathe.

Amayi nawo anapempha chinthu chimodzi: kachipangizo kowauza mvula ikayamba, kuti azikaanula zovala Lamlungu. Bambo anakapanga, anakayesa ndi madzi a m'kapu, n'kukaika pamtengo wa chingwe choyanikira. Kamagwira bwino kwambiri. Vuto n'lakuti sikasiyanitsa mvula ndi mbalame, moti amayi athamangirapo kale panja kanayi, dengu lili m'manja, dzuwa likuswa mtengo. Bambo akuti nkhaniyo akuiunika.