Mpando wa Atate Padzuwa

Meyi akangofika, mwana wanga Tisa amanditulutsira mpando panja kuno ku Chelstone. "Ba tate, valani chisoti, mumwe mandimu yakali yotentha. Mukasiliza muyendeko mpaka pa geti, osati kunkhala chabe."

Fungo la mandimulo limandibweza ku Kabwata, kumene ndinakulira. Mvula ikatha, mphepo ikayamba kuulutsa fumbi, amayi ankakhazika atate pampando pakhoma la kum'mawa, atawafunditsa bulangeti. Dzuwa likasuntha, amayi ankasunthanso mpandowo. Atate ankangokhosomola, kapu ya mandimu ili m'manja.

Ine ndinkaona ngati ndi ulesi. Atate a anzanga ankapita kuntchito m'tauni, ana awo kusukulu. Anga ankangotsata dzuwa, ndipo ine sukulu ndinadzayamba ndevu zitamera. Anzangawo anawapatsa dzina loti Buluzi.

Tsiku lina atate anandiitana. "Bwela, mwana wanga, unkhale pafupi. Dzuwa ni mankhwala, litikwana tonse awili."

Anzanga anali pampanda, akugwedeza mitu ngati abuluzi. "Nili na nchito," ndinatero, n'kuthamangira kumpira.

Atate sanandiitanenso. Juni asanathe, mpando unabwerera m'nyumba wopanda mwini.

Masiku ano mandimu ndimamwa, pageti ndimafika, monga Tisa amanenera. Dzulo ndinaitana mdzukulu wanga kuti adzakhale nane. "Nibwela manje-manje, agogo," anatero, n'kutuluka ndi mpira wake.

Sindinamukalipire. Ndinasuntha mpando ndekha kutsata dzuwa, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti atate sankazizidwa msana wokha, koma ndi mtima womwe.