Maginito pa Galasi la TV

Dzulo ku Capital Park ndinatola maginito a sipika yakufa pamulu wa zinyalala. Nditafika kunyumba ndinawagunditsa pa TV yanga yopyapyalayi. Palibe chinachitika.

Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri tinkakhala m'kachipinda kakuseri ku Waterkloof, komwe Amayi ankachapa ndi kusita. Abwana anatibwereka TV yakale, yachimimba, yonunkha fumbi lotentha. Loweruka lina masana Abambo anachokera m'galadeni, manja akununkha udzu, atanyamula maginito ngati omwewa.

"Bwera udzaone, mwanangu," anatero.

Atawayandikitsa pagalasi, nkhope ya wowerenga nkhani inapindika n'kusanduka yobiriwira. Anati mkatimo muli tinthu tamagetsi tothamangira kugalasi, ndipo maginito amatikhotetsa njira. Ndinatchinga ndi katoni, mitundu inavinabe. Mbale yapulasitiki, chimodzimodzi. Koma Abambo atatchinga ndi fosholo yachitsulo, nkhope ija inawongoka.

Titachotsa zonse, banga lapepo linatsala pakona.

Amayi analowa ndi dengu la zovala. "Eish! Mwaiwononga! Abwana akaifuna muwauza chiyani?"

Mapepala a Abambo okhalira m'dziko la eni lino anali atatha, ndipo Lolemba ankakwera basi ya ku Malawi okha. Chikwama chawo chinali kale pakhomo.

Abambo anandifumbatitsa maginito aja, n'kugwira dzanja langa m'chikhatho chawo chofunda, chokhakhala. Analibwezera pagalasi pang'onopang'ono.

"Yawonongeka kale," anaseka. "Khotetsanso, mwanangu, ndione."