Agogo a pa Kanema wa a Yotam

A Yotam anabwera ku Mzimba kuchokera ku Dowa ali mnyamata, kudzacheka matabwa ku Luwawa. Anacheka mpaka msana unakana. Akazi awo anamwalira, ana anamwazikira ku Joni, ndipo matipate atangoyamba iwo anapezeka pa Manyamula ali ndi wailesi yakanema, deki, ndi batire la galimoto limene ankalipalasira pa njinga kukatchaja pa boma.

Chizungu chawo chinali cha pa macheka, mawu owerengeka, ambiri mwa iwo otukwana. Koma pakamwa pokha Mulungu anawapatsa mosaumira. Masana aliwonse ankaima pambali pa kanema, kamtengo kali m'manja, n'kumamasulira anthu zimene zinkachitika. Zimene azungu ankanena zinali zawo. Zimene anthu a pa Manyamula ankamva zinali za a Yotam.

Pakhomo pa nyumba ya kanemayo pankakhala mayi Sellah, a NyaShaba, amasiye, akugulitsa zitumbuwa. A Yotam ankawafuna banja, ndipo msika wonse unkadziwa. Anatumako munthu kangapo, yankho linali lomwelo: "Mukawauze adada awo aone mutu wangawu. Imvi zokhazokha. Nkhalamba ikwatiwe kuti ana a sukulu aziyiimba nyimbo? Yayi." Imvizo ankazibisa m'duku ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Chimene chinkawasowetsa mtendere a Yotam n'chakuti mwana wa mayiwo anali atanena kuti akangokolola adzawatenga kuti azikakhala ku Mzuzu, ndipo chimanga chinali chitayamba kale kuuma.

Tsiku lina Ishaka, wogulitsa kaunjika pa boma, anawapatsa matepi amene anawapeza pansi pa belo. Anali makanema amakedzana, a nthawi imene zithunzi zinali zitangoyamba kulankhula, zakuda ndi zoyera basi, mawu ake akuthetheka ngati mandasi m'mafuta. Munalibe karate, munalibe mfuti. Anyamata anayamba kung'ung'udza. Kenaka panatulukira mkazi wovala diresi lonyezimira, nsidze zopyapyala ngati ulusi, ndudu ili m'zala, tsitsi loyera mbee.

"Agogo awanso, kavalidwe kanji kameneka?" anatero bambo wina kumbuyo.

Anthu anaseka. A Yotam sanaseke. Ku Luwawa anali ataonapo azungu a tsitsi lotuwa chibadwire, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti uyu ndi mtsikana. Koma anayang'ana kukhomo kumene kunali dengu la zitumbuwa, ndipo mzimu wa chinyengo unawalowa wonse.

"Eya, ndi agogo," anatero mokweza. "Ali ndi zidzukulu zodzaza nyumba. Koma taonani mmene amuna akuwafera. Uyu wa chipewayu akuti, mayi, tsitsi lakuda n'la ana, ine ndikufuna mutu wokhwima. Agogo akuti, ndikhululukireni, anthu andiseka. Wa chipewa akuti, aseke, mano ndi awo."

Kuyambira tsiku limenelo karate inaiwalika. Amayi achikulire amene ankati kanema ndi za satana anayamba kubwera pochokera ku chigayo, ufa uli m'nsidze. Maduku ena anayamba kutsetserekera kunkhongo. Madala ankatuluka akuwongola makolala. Tepi inali yomweyo, koma nkhani inkakula tsiku ndi tsiku, ndipo wa chipewa uja anafika mpaka ponena kuti nsapato zake zatha ndi kuzungulira pakhomo pa agogo, komanso kuti Mzuzu ndi tauni yozizira yosayenera munthu wamkulu. Mayi Sellah ankakhala chofulatira, akukupiza ntchentche ngakhale pamene panalibe ntchentche.

Bodza linayenda bwino mpaka Loweruka lina, pamene panabwera Felesta, namwino wochokera ku Zomba amene anali atangotumizidwa kuderali. Mwana wa eni analibe mangawa ndi munthu. Anamvetsera pang'ono, n'kuyamba kuseka mpaka misozi.

"Bambo Yotam, musawanamize anthu," anatero akupukuta m'maso. "Ameneyu ndi mtsikana, mwina ine ndine wamkulu. Tsitsilo ndi lachikasu, anachita kupaka mankhwala. Akazi otchuka a m'makanema nthawi imeneyo ankatero. Likuoneka loyera chifukwa kanemayu alibe mitundu. Ndipo za imvi palibe wanenapo. Akukangana zoti mwamunayo wabwera mochedwa kudansi."

Maduku anabwerera pamphumi limodzilimodzi. Mayi wina anatuluka akutukwana m'Chitumbuka chozama chimene a Yotam anathokoza kuti sanachimve chonse. Anyamata anatuluka akukuwa kuti agogo abwerera ku utsikana. A Yotam anazimitsa kanema n'kukhala pansi. Manyazi a bodza sanali kanthu, anali atawazolowera. Chimene chinawapweteka n'chakuti aliyense tsopano anazindikira amene ankamuloza, ndipo mayi amene ankaopa kusekedwa uja anali atamuika okha pakati pa msika.

Anamva dengu likuikidwa pansi. Mayi Sellah analowa, koyamba chitsegulire nyumbayo, n'kukhala pa benchi lakutsogolo.

"Adada, inu mumandiyesa chitsiru?" anafunsa. "Nkhalamba ya khosi losalala chonchija munaiona kuti? Ine ndinasuzumira tsiku loyamba lomwe, ndinadziwa."

"Nanga bwanji simunanene, amama?"

"Ndinkafuna ndimve mpaka kumapeto. Mawu anali okoma chomene. Koma onse munamupatsa wa chipewa uja. Munatuma munthu, munatuma mzungu, inu eni ake simunandiuzepo kanthu kupatula kufunsa ngati zitumbuwa zili zotentha. Mwana wanga akubwera ndi galimoto Lachisanu. Kanema wazima uyu. Mbwenu nenani nokha."

A Yotam, munthu amene analankhulitsa azungu Chichewa cha ku Dowa kwa zaka, anatsegula pakamwa ndipo panatuluka mpweya wokha. Anayang'ana kanema, kanema anali bii. Anatola kamtengo kawo, n'kukaikanso pansi. Anatsokomola. Thukuta linayenderera mpaka m'kolala, ndipo mayiwo sanawathandize ngakhale pang'ono, anangopinda manja n'kudikira.

"Musapite ku Mzuzu," anatero pomaliza, mawu akunjenjemera. "Ine ndakalamba, ndipo ndimaopa. Ndimaopa kudzatsegula chitseko ichi m'mawa wina, inu pakhomopo palibe."



"Wa chipewa uja amalankhula bwino kuposa inu," anatero mayi Sellah. "Koma izi ndiye ndazimva. Achimwene anga ali ku Champhira. Mupite mawa, ndipo musatume munthu. Mukanene nokha, mukunjenjemera chomwechi."